Bwato la Mphira ndi Madzi a Shire

Akuluakulu amene anaolokapo Shire pa Liwonde asanamange Kamuzu Barrage m'chaka cha 1965 akukumbukira kuti mtsinje umenewu, umene lero ukulekanitsa Machinga ndi Balaka, unali kuolokedwa pa pantoni kapena pa bwato logoba. Bwato likagubuduzika chifukwa cha mvuu kapena mphepo, opulumutsa anali asodzi anzawo, opalasa bwato lofanana nalo.

M'zaka zomwezo, kutali ku Wales, vuto la kupulumutsa anthu pafupi ndi gombe linali kusautsa ophunzira a pa Atlantic College, sukulu imene inatsegulidwa mu 1962. Mabwato awo a mphira, opopedwa mpweya, anali kung'ambika kunsi pa miyala ya m'mbali mwa nyanja. Motsogozedwa ndi mphunzitsi wamkulu, Desmond Hoare, anayamba kumata matabwa kunsi kwake, ndipo pambuyo pake anasongola kunsiko kuti kuzing'amba mafunde. Umu ndimo munabadwira bwato lolimba kunsi koma lozingidwa ndi chubu cha mpweya. Chubucho chimaliletsa kumira ngakhale litadzaza madzi, ndiponso sichivulaza munthu amene akumkokera m'kati. Bungwe lopulumutsa anthu panyanja ku Britain, la RNLI, linagula umwini wa luso limeneli ndi paundi imodzi yokha, ndipo mu 1972 linayamba kugwiritsa ntchito mabwato otchedwa Atlantic 21.

Nanga ife zikutikhudza bwanji? M'mwezi wa Januwale 2015 madzi anasefukira, ndipo Machinga ndi Balaka anali m'gulu la maboma 15 amene Boma linalengeza kuti agwa m'tsoka. Asilikali anapulumutsa anthu ambiri ndi mabwato a injini ndi ndege za helikopita, makamaka ku Nsanje ndi Chikwawa. Komatu madzi sadikira. Munthu amene wakakamira pa nthambi ya mtengo manja amamlema thandizo lochokera kutali lisanafike.

Bwato lopepuka lotere limayenda ngakhale pa madzi osaya, onga a nyanja ya Chilwa. Koma chimene chinapulumutsa anthu ku Wales si mphira yokha ai. Bwato linali kukhala pagombe pomwepo, injini ili yokonzeka, ndipo oliyendetsa anali achinyamata ophunzitsidwa bwino okhala pafupi. Asodzi a ku Liwonde, Chilwa ndi Chiuta madziwo amawadziŵa kale. Chimene chikufunika n'kuwaphunzitsa ndi kuwaikira bwato pa dooko lawo mvula isanayambe.