Nkhalamba ya ku IBM ndi mayina ake

Pa 7 Epulo 1964, kampani ya IBM inalengeza System/360, zimakompyuta zodzaza chipinda zomwe amazitcha mainframe. Inalonjeza chinthu chachikulu: pulogalamu yolembedwera makina ang'ono idzagwiranso pa aakulu popanda kuilembanso. Ine ndimaona kuti mayina onse amene anabwera pambuyo pake ndi njira zosungira lonjezo limeneli.

Pulogalamu yoyendetsa makinawo, OS/360, inachedwa kwambiri, moti Fred Brooks, yemwe ankatsogolera ntchitoyo, anadzalembapo buku lathunthu, The Mythical Man-Month, mu 1975. Koma itangoima, sinagwenso. Mu 1974 nthambi yake inakhala MVS, mu 1983 MVS/XA, mu 1988 MVS/ESA, kenako OS/390, ndipo kuyambira 2001 ndi z/OS. Zili ngati mayi amene kwawo amamudziwa ndi dzina la paubwana, kubanja ndi dzina la mwana wake woyamba, koma munthu ndi yemweyo.

Ena amati uku kunali kungopenta nyumba yakale kuti igulike. Zapang'ono n'zoona, amalonda amakonda dzina latsopano. Koma taonani za XA. Poyamba maadiresi a memory anali a ma bit 24, ndiye kuti malire anali 16 MB basi, malo amene kavidiyo kamodzi ka pa WhatsApp kangadzaze. Pokulitsa, IBM sinatenge ma bit onse 32, inaima pa 31, ndiye 2 GB. Bit yotsalayo inakhala chizindikiro chouza makina ngati pulogalamu ikuyenda mwakale kapena mwatsopano. Anataya dala theka la malo kuti mabanki ndi makampani a inshuwalansi asalembenso mapulogalamu osunga ndalama za anthu. Mpaka lero, mzere wa JCL, chinenero chotumira ntchito pa z/OS, uli ndi malo 80, monga makhadi oboola aja.

Yondiseketsa ine ndi DOS/360, yosakhudzana n'komwe ndi MS-DOS. Anaipanga mwachangu ngati chogwirizira, poti OS/360 inali kuchedwa komanso inali yolemera kwa makina ang'ono. Makasitomala anaikakamira. Inakhala DOS/VS, DOS/VSE mu 1979, VSE/ESA, kenako z/VSE mu 2005. IBM itaisiya, kampani ya 21CS inaitenga n'kuitcha VSEn, ndipo ikugulitsidwabe.