Chimango Chopanda Maselo: Mbiri ya Kholingo ndi Mmero ku London

Chiwalo cha munthu wina chikaikidwa mwa wodwala, thupi limalimbana nacho chifukwa limaona maselo ake ngati adani. Pofuna kupewa zimenezi, asayansi amatsuka chiwalocho ndi mankhwala onga sopo mpaka maselo onse atachoka. Chotsala ndi ulusi wa kolajeni, umene ndikuutcha chimango, chifukwa uli ngati mitengo ya nyumba isanamatidwe dothi. Pachimangopo amadzalapo maselo a wodwala mwini. M'nkhani ino ndikulondola mmene njirayi yayendera ku London.

M'mwezi wa Marichi 2010, pachipatala cha ana cha Great Ormond Street, gulu la Martin Elliott, Martin Birchall, Paolo De Coppi ndi Paolo Macchiarini linaika kholingo lotsukidwa motere mwa mnyamata wina. Kholingolo linachokera kwa mayi wa ku Italy amene anamwalira, ndipo analipaka maselo ochokera m'mafuta a m'mafupa a mnyamatayo. Mu 2012 magazini ya The Lancet inalengeza kuti mwanayo ali moyo, akukula, ndipo sakumwa mankhwala ofooketsa chitetezo cha m'thupi.

Koma chaka chomwecho mtsikana wina amene analandira kholingo lotere pachipatala chomwechi anamwalira posakhalitsa. Mu 2011 Macchiarini anali ataika mwa wodwala ku Stockholm kholingo la pulasitiki lopangidwa ku University College London. Ambiri mwa amene iye anawaika makholingo a pulasitiki anafa, ndipo mu 2023 khoti la ku Sweden linamulamula kukhala m'ndende zaka ziwiri ndi theka.

Kafukufuku wotsatira anayenda mofatsa, kuyambira pa nyama. Mu 2018 gulu la De Coppi, pamodzi ndi Francis Crick Institute, linafalitsa zotsatira zake mu Nature Communications. Linatsuka mmero wa khoswe, kudzalapo maselo, kenako kuukulitsa m'mimba mwa mbewa. Cholinga n'kuthandiza makanda obadwa ndi mmero wosalumikizika bwino.

Ndikuona kuti kuchira kwa wodwala mmodzi kunathamangitsa madokotala umboni usanakwane, pakuti makolo a mwana amene akulephera kupuma sangakane chithandizo chilichonse. Ntchito ya mu 2018 inabwezera dongosolo m'malo mwake: kuyesa kaye pa nyama, munthu pambuyo pake.