Pansi pa Nyanja ya Kariba Pali Midzi

Inu achinyamata a ku Kabwata, Chelstone, Woodlands ndi Kabulonga amene mukusonkha ndalama za ulendo wa ku Siavonga, tamverani pang'ono musanakwere basi pa City Market. Nyanja imene mukukaonayo si yakale ayi. Agogo ambiri amene timapemphera nawo anabadwa iyo kulibe.

Kufikira chaka cha 1958, pamalopo panali mtsinje wa Zambezi wokha, ukuyenda m'chigwa chotentha cha Gwembe. Atonga ankalima m'mbali mwake kawiri pa chaka: nthawi ya mvula, ndiponso madzi osefukira akaphwa. Koma boma la Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland linkafuna magetsi oyendetsera migodi ya ku Copperbelt ndi mafakitale a ku Southern Rhodesia. Ntchito yotseka mtsinje pa Kariba inayamba mu 1955, ndipo khoma lalikululo, lotalika mamita 128, linamangidwa ndi kampani ya ku Italy yotchedwa Impresit. Mu 1957 ndi mu 1958 Zambezi anasefukira koopsa nawononga ntchitoyo. Atonga anati ndi mkwiyo wa Nyaminyami, mzimu wa mtsinjewo. Antchito 86 anafera pa ntchitoyi, ndipo kutsidya, m'tauni ya Kariba ku Zimbabwe, kuli tchalitchi cha St Barbara chimene chimawakumbukira.

Nanga eni chigwa? Anthu pafupifupi 57,000 a tsidya lino ndi tsidya lija anauzidwa kuti asamuke. Anasiya minda, akachisi a mvula ndi manda a makolo awo. Anthu a Mfumu Chipepo anakana. Mu September 1958 bwanamkubwa Sir Arthur Benson anapita yekha kukalankhula nawo, koma sanagwirizane, ndipo apolisi anaombera pa mudzi wa Chisamu. Amuna 8 anafa. Otsalawo anakwezedwa m'malole ndi katundu wawo kupita ku Lusitu, dziko lachilendo la madzi osowa, kumene ana ambiri anafa ndi matenda m'zaka zoyambirira. Basi yanu ikatsika mapiri aja n'kukhota kusiya msewu wa Chirundu, mudzaoloka mtsinje wa Lusitu. Musagone pamenepo, suzumirani pawindo. Midzi imene mudzaonayo ndi ya adzukulu a anthu aja.

Kufupi ndi komweko, mu 1960, anthu okumba malo oika thanki ya madzi ya osamutsidwawo anapeza manda akale pa Ing'ombe Ilede, muli mikanda ya golide ndi mitanda ya mkuwa. Chigwa chimene atsamunda ankachiyesa thengo chinali msika wa malonda zaka mazana ambiri iwo asanafike.

Madzi atayamba kukwera, nyama zinatsekeredwa pa tizilumba. Rupert Fothergill ndi anzake anapulumutsa nyama zoposa 6,000 pa ntchito imene anaitcha Operation Noah, dzina la m'Baibulo lomwe nonse mukulidziwa. Inali ntchito yabwino, sitikana. Koma nyuzipepala za kunja zinadzaza ndi zithunzi za zipembere ndi agwape, pamene za ana a ku Lusitu zinali zochepa kwambiri.

Nyanja inadzaza mu 1963, kutalika kwake makilomita oposa 220, ndipo Siavonga inakula m'mbali mwa madzi atsopanowo. Ngakhale kapenta amene amayi amagula pa msika si wa m'Zambezi. Anamutenga ku nyanja ya Tanganyika mu 1967. Usiku mukaona nyali zambirimbiri pa madzi ngati tauni ina, dziwani kuti ndi asodzi akumukopa kuti alowe mu ukonde.

Kasangalaleni ndithu: kwerani boti, imbani makwaya anu pa mchenga, yendani pamwamba pa khoma mukapatsidwa chilolezo pa chipata cha malire. Koma osasambira m'nyanja, pakuti ng'ona ndi mvuu sizidziwa kuti ndinu alendo. Ndipo woyendetsa boti akakupititsani kumene mitengo youma yaima m'madzi, mumupemphe azimitse injini pang'ono. Mitengo imeneyo inamera pa mtunda, ndipo anthu ankadutsa pansi pake popita kumunda.