Chiyambi cha Manambala Osokonekera ndi Zithunzi Zosuntha Zokha m'Zikalata za pa Kompyuta

Mavuto atatu amene amasautsa kwambiri anthu olemba zikalata pa kompyuta, omwe ndi manambala a mndandanda oyambiranso pa 1 mosayembekezereka, mizere yokana kuyambira pamalo amodzi, ndiponso zithunzi zodumphira ku tsamba lina, ali ndi mbiri yaitali kuposa kompyuta yeniyeniyo. Gwero lake ndi kukumana kwa miyambo iwiri ya kalembedwe: wa taipilaita, momwe chilembo chimakhala pomwe chamenyedwa, ndi wa mapulogalamu, momwe malo a chinthu chilichonse amawerengedwa mwatsopano motsatira malamulo amene wolemba sawaona.

Chizolowezi choyambira ndime chamkati pang'ono chinachokera kwa alembi a ku Ulaya amene ankakopera mabuku pamanja. Mlembi ankasiya mpata poyambira mfundo yatsopano kuti mmisiri wina adzalembepo chizindikiro cha ¶ ndi inki yofiira, koma makina osindikizira a Johannes Gutenberg atachulukitsa mabuku kuyambira cha m'ma 1450, amisiri a inki yofiira aja analephera kumaliza ntchito yonse, ndipo mpata wopanda kanthuwo unatsala nkuzolowereka monga chizindikiro cha ndime yatsopano.

Taipilaita, imene Christopher Latham Sholes ndi anzake anailembetsa mwalamulo mu 1868 ndipo kampani ya Remington inayamba kuigulitsa mu 1874, inasandutsa mpata umenewu kukhala ntchito ya chala. Pa makina ambiri zilembo zonse zinali zofanana m'lifupi, ndipo pa zilembo za mtundu wa pica khumi zinkakwana mu inchi imodzi, kotero wotayipa akamenya batani la mpata kasanu ankapeza theka la inchi lenileni nthawi zonse. Muyeso womwewo ndiwo umene batani la Tab limadumpha mu Microsoft Word kufikira lero ngati sunasinthidwe. Manambala a ndime ankatayipidwa monga zilembo zina zonse, motero kuwonjezera ndime pakati kunkatanthauza kutayipanso tsamba lonse, pamene chithunzi chinkasiyiridwa malo, kudulidwa ndi sizasi ndi kumatidwa ndi guluu. Ntchitoyo inali yotopetsa, komabe kalikonse sikankasuntha kokha, ndipo manja amene anaphunzira m'nyengo imeneyo anapatsira ophunzira awo chizolowezi chokankha mawu ndi mipata.

Makina a IBM otchedwa MT/ST, amene anatuluka mu 1964, anayamba kusunga zotayipidwa pa tepi kuti zikonzedwe popanda kuyambiranso. Mapulogalamu amene anatsatira ankaonetsa malamulo awo poyera: mu WordStar, imene inafala kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, lamulo loyamba tsamba latsopano linkalembedwa pa mzere wakewake woyamba ndi kadontho, ndipo WordPerfect, yopangidwa ndi Alan Ashton ndi Bruce Bastian ku Utah, inali ndi chida chotchedwa Reveal Codes chimene chinkagawa sikirini pawiri nkuonetsa mmunsi chizindikiro chilichonse chobisika. Mzere ukapotoka, mlembi ankaona ndi maso ake chizindikiro cholakwikacho nkuchifufuta, ndipo nchifukwa chake alembi a m'maofesi a maloya anaikakamira pulogalamuyi kwa zaka zambiri.

Njira ina inayambira ku Xerox PARC ku California, kumene mu 1974 Charles Simonyi ndi Butler Lampson anapanga pulogalamu ya Bravo, imene inkaonetsa pa sikirini tsamba monga mmene lidzaonekere likasindikizidwa. Simonyi anapita ku Microsoft mu 1981, ndipo iye ndi Richard Brodie anatulutsa Word mu 1983. Mu Word zizindikiro sizimwazikana pakati pa mawu monga mu WordPerfect, chifukwa malamulo onse a ndime, monga kulowa mkati kwa mzere woyamba ndi mpata wa pakati pa mizere, amasungidwa m'chizindikiro chomalizira ndimeyo, chomwe ndi ¶ yemwe uja wa alembi akale, koma tsopano wobisika. Wolemba akafufuta chizindikirochi mosadziwa, ndime ziwiri zimaphatikana ndipo imodzi imatenga maonekedwe a inzake. Apa mpomwe pali cholakwa chachikulu cha opanga mapulogalamu, pakuti anapatsa anthu chooneka ngati pepala la mu taipilaita, nkuwabisira mfundo yakuti pansi pa pepalalo pali dongosolo lina limene siligwirizana ndi zizolowezi za taipilaita.

Nkhani ya manambala ndiyo yovuta koposa. Kuyambira mu Word 95 pulogalamu inayamba kudziganizira yokha, kotero munthu akatayipa 1 ndi kadontho kumayambiriro kwa mzere inkasandutsa mzerewo kukhala mndandanda, ndipo Word 97 inabweretsa dongosolo la manambala limene maziko ake akugwirabe ntchito. M'dongosolo limeneli nambala yooneka pa tsamba si chilembo chotayipidwa ayi. Ndime imangosunga chizindikiro chonena kuti ndi ya mndandanda uti komanso ya pa mlingo uti mwa milingo 9, ndipo maonekedwe a nambalayo amasungidwa kwina. Umboni wake umaoneka m'mafayilo a docx amene anabwera ndi Office 2007, popeza fayilo iliyonse ndi phukusi la timafayilo tambiri, ndipo kena kotchedwa numbering.xml nkamene kamasunga mindandanda yonse. Ndime yokoperedwa ku chikalata china imabwera ndi mndandanda wake, motero ndime ziwiri zoyandikana ndi zofanana m'maonekedwe zimatha kukhala za mindandanda yosiyana, ina nkupitiriza kuwerenga, ina nkuyambiranso. Kuwonjezera apo, kulowa mkati kwa ndime ya nambala kumatha kulamulidwa m'malo atatu, omwe ndi mndandanda, sitayilo, ndi zosintha zimene wolemba wachita pamanja pa rula. Sitayilo ndi gulu la malamulo a maonekedwe lopatsidwa dzina, monga la mitu ya machaputala, limene likasinthidwa kamodzi limasintha ndime zonse zolitsatira. Akatswiri a Word akhala akulangiza kwa zaka zambiri kuti manambala amangiriridwe ku masitayilo kamodzi kokha, ndipo malangizowa ndi oona, ngakhale kuti nzomvetsa chisoni kuti wophunzira wolemba lipoti lake loyamba amawamva usiku womaliza zinthu zitasokonekera kale.

Zithunzi zili ndi makhalidwe awiri. Chithunzi chokhala mumzere chimatengedwa monga chilembo chachikulu ndipo chimayenda pamodzi ndi mawu, pamene chithunzi choyandama chimazunguliridwa ndi mawu koma chimamangiriridwa ku ndime imodzi ndi kachizindikiro kooneka ngati nangula wa sitima. Ndime ya nangulayo ikasamukira ku tsamba lotsatira chithunzi chimaitsatira, ndipo ikafufutidwa chithunzinso chimasowa. Mu Word 97 zithunzi zinkalowa zoyandama pokhapokha wolemba atasankha mwina, koma mu Word 2000 kampani ya Microsoft inabwerera ku zithunzi za mumzere, zomwe zikuonetsa kuti njira yoyambayo inavutitsa anthu ambiri. Chikalata chikatsegulidwa mu pulogalamu ina monga LibreOffice kapena pa kompyuta yopanda mtundu wa zilembo umene chinalembedwera, mizere imaduka pamalo ena, ndime zimasuntha, ndipo anangula amakoka zithunzi zawo.

Chizindikiro cha ¶ chikadalipo pa batani limodzi la Word, ndipo kulidina, kapena kudina Ctrl, Shift ndi 8 pamodzi pa kompyuta ya Windows, kumaonetsa mipata yonse, malo amene Tab inamenyedwa, mathero a ndime, komanso nangula wa chithunzi choyandama chimene chasankhidwa.