Nyimbo za ku Romania: chuma cha m'midzi chomwe ambiri akhala akulimbirana

Dziko la Romania lili kum'mwera chakum'mawa kwa Ulaya, ndipo likulu lake ndi mzinda wa Bucharest. Nyimbo zake zambiri zinabadwira m'midzi, koma akatswiri opeka nyimbo, olamulira komanso anthu ofuna ufulu akhala akuzigwiritsa ntchito, aliyense pa zolinga zake.

Mwa mayimbidwe akale kwambiri pali doina, nyimbo yomwe munthu amayimba yekha, mokoka mawu monga momwe mtima wamuuzira. Kawirikawiri imakamba za chikondi, chisoni ndi kupukwa kwawo. M'chaka cha 2009 bungwe la UNESCO linaika doina pa mndandanda wa miyambo yofunika kusungidwa ndi anthu onse.

Pa maukwati ndi pa zisangalalo zina pamayimba anthu otchedwa lăutari, omwe kuyimba ndi ntchito yosiyirana m'banja. Ambiri mwa iwo ndi a mtundu wa Roma, womwe makolo ake anachokera ku India, ndipo anasungidwa muukapolo mpaka 1855 m'chigawo cha Moldavia ndi 1856 m'chigawo cha Wallachia. Gulu lawo limatchedwa taraf. Zida zawo ndi monga vayolini, țambal yomwe ndi bokosi la nsambo zomenya ndi timitengo, komanso nai, zitoliro zomangidwa pamodzi motsatana kutalika. Gheorghe Zamfir, yemwe anabadwa mu 1941, ndiye anatchukitsa nai kunja kwa dzikolo.

Akatswiri ophunzira anatunga pa chitsime chomwechi. George Enescu (1881–1955) anapeka nyimbo ziwiri zotchedwa Romanian Rhapsodies mu 1901, pogwiritsa ntchito mayimbidwe a m'midzi ndi a lăutari. Chikondwerero cha nyimbo chomukumbukira chinayamba ku Bucharest mu 1958. Naye Maria Tănase (1913–1963) anatengera nyimbo za kumudzi pa wailesi ndi m'mabwalo a zisudzo a m'mizinda.

Nyimbo ya fuko, Deșteaptă-te, române!, yomwe mutu wake ukuuza nzika ya Romania kuti idzuke, ili ndi mbiri ya mikwingwirima. Mawu ake analemba ndi Andrei Mureșanu pa nthawi ya kuukira kwa mu 1848. Boma lachikomyunizimu linailetsa, ndipo kuyambira 1977 nyimbo ya fuko inali Trei culori, yotamanda mitundu itatu ya mbendera. Komabe anthu sanaiwale ya Mureșanu. Ogwira ntchito m'mafakitale anaiyimba pa zionetsero za ku Brașov mu 1987, ndipo inamvekanso m'misewu mu Disembala 1989 pomwe ulamuliro wa Nicolae Ceaușescu unagwa. Mu 1990 inakhala nyimbo ya fuko.

Ceaușescu ankafuna kuti miyambo itumikire boma lake. Mu 1976 anakhazikitsa mpikisano wa dziko lonse wotchedwa Cântarea României, momwe magule ndi nyimbo za makolo zinkasakanizidwa ndi zotamanda chipani ndi mtsogoleri. Gulu la nyimbo za rock la Phoenix, la mumzinda wa Timișoara, linatembenukira ku nthano ndi mayimbidwe a makolo boma litakhwimitsa malamulo a zachikhalidwe mu 1971. Mu 1977 ena mwa oyimba ake anathawa m'dzikolo atabisala m'mabokosi a zokuzira mawu.

Chikomyunizimu chitatha, malire anatseguka. Magulu a lăutari monga Taraf de Haïdouks a m'mudzi wa Clejani ndi Fanfare Ciocărlia, oyimba malipenga a ku Zece Prăjini, anayamba kudzaza mabwalo m'maiko ambiri m'zaka za m'ma 1990. M'mizinda munafala manele, nyimbo zovina zokhala ndi kamvekedwe ka ku Turkey ndi ku Balkan, zomwe ena amazikonda kwambiri pomwe ena amazinyoza, ndipo mkanganowu umakhudzanso tsankho lomwe anthu a mtundu wa Roma amakumana nalo.

Kenako kunabwera oyimba achinyamata oyimba m'Chingerezi. Inna anatulutsa Hot mu 2008, Edward Maya ndi Vika Jigulina anatulutsa Stereo Love mu 2009, ndipo Alexandra Stan anatulutsa Mr. Saxobeat mu 2010. Nyimbo zitatuzi zinamveka pa wailesi za m'maiko ambiri, ngakhale ambiri mwa ozivina sankadziwa kuti zinachokera ku Romania.