Chovala cha Msilikali wa Roma: Mbiri Yoyesedwa ndi Manja

Ambiri a ife tinayamba kumuona msilikali wa Roma m'sewero la nyengo ya Pasaka. Amatulukira atavala chisoti cha katoni, nsalu yofiira ili paphewa, mkondo wa nsungwi uli m'manja. Palibe amene amadandaula, pakuti cholinga cha sewerolo n'china. Koma ku Ulaya kuli anthu amene anafuna kudziwa chimene munthu ameneyu ankavala kwenikweni, ndi mmene chinkapangidwira. Popeza lero tasonkhana pa mwambo wokumbukira za makolo, nkhani yawo ndi yoyenera kuimva.

Aroma analanda dziko la Britain kuyambira m'chaka cha 43 A.D., mu ulamuliro wa mfumu Claudius, ndipo anakhalamo zaka zoposa 350. Atachoka, zida zawo zinadyedwa ndi dzimbiri. Kwa nthawi yaitali, wofuna kudziwa maonekedwe a asilikaliwa ankayang'ana chipilala cha mfumu Trajan mumzinda wa Rome, chimene chinamalizidwa mu 113 A.D. Pa chipilalachi anagobapo asilikali ochuluka atavala malaya a zitsulo zopyapyala zosanjikizana mizeremizere. Ojambula ndi opanga mafilimu ankangotengera zimenezo. Koma mwala umaonetsa kunja kokha, sunena chimene chinkagwira zitsulozo m'kati. Ngakhale dzina lakuti lorica segmentata, limene malayawa amadziwika nalo lero, silinachokere kwa Aroma. Linapekedwa ndi anthu ophunzira a zaka za m'ma 1500.

Zinthu zinasintha mu 1964, pamene ofukula zamakedzana anapeza bokosi lamatabwa ku Corbridge, kumpoto kwa England, pafupi ndi linga limene mfumu Hadrian inayamba kumanga mu 122 A.D. M'bokosimo munali zidutswa za malaya achitsulo aja, zitagwirana ndi dzimbiri. H. Russell Robinson, katswiri wa zida zakale wa ku Tower of London, anazipenda modekha, nasula zina zofanana nazo kuti aone ngati munthu angazivale. Apo m'pamene zinadziwika kuti zitsulozo ankazikhomerera pa malamba achikopa m'kati, ndipo kunja ankazilumikiza ndi timahinjesi ndi tingowe tamkuwa. N'chifukwa chake msilikali ankatha kuwerama ndi kukweza mkono. Buku la Robinson lotchedwa The Armour of Imperial Rome linatuluka mu 1975. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

M'zaka zomwezo, mu 1972, anthu a m'midzi ya m'chigawo cha Gloucestershire anavala ngati asilikali a Roma pa chionetsero cha kwawo. Chionetsero chitatha iwo sanaleke. Anakhazikitsa gulu la Ermine Street Guard, dzina lochokera ku msewu wina wakale wa Aroma. Zida zawo zoyamba anazisiya pang'onopang'ono, nayamba kupanga zina motsatira zofukulidwa pansi. Anafika mpaka posoka pamanja hema wa zikopa za mbuzi, wogonamo asilikali asanu ndi atatu monga zinkakhalira kale.

Chida chilichonse chili ndi umboni wake. Chishango chachikulu chopindika chimene chinapezeka ku Dura-Europos, m'dziko la Syria, m'zaka za m'ma 1930, chinaonetsa kuti Aroma ankamata timatabwa topyapyala mopingasana, kenako n'kukuta ndi chikopa ndi kupaka utoto. Lero chikusungidwa ku yunivesite ya Yale. Ku Vindolanda, kufupi ndi linga la Hadrian lija, dothi lachinyezi losalowa mpweya linasunga nsapato zachikopa zikwizikwi. Kuyambira mu 1973, kumeneko kwakhala kukupezekanso makalata olembedwa ndi inki pa timatabwa. Imodzi mwa makalatawo imanena za katundu wotumizidwa kwa munthu wa pamsasapo: masokosi, nsapato ndi zovala zam'kati. Msilikali woopsa uja nayenso ankamva kuzizira, ndipo ankadikira phukusi lochokera kwa omukumbukira.

Kusula ndi kusoka sikokwanira, chida chiyenera kuyesedwa pathupi. Mu 1985, pokumbukira zaka 2,000 za mzinda wa Augsburg ku Germany, wolemba mbiri Marcus Junkelmann ndi anzake ochepa anayenda pansi kuchokera ku Verona, m'dziko la Italy, kudutsa mapiri a Alps mpaka ku Augsburg. Unali mtunda wa makilomita pafupifupi 500. Aliyense anasenza katundu woposa makilogalamu 40, atavala nsapato za misomali kunsi zimene Aroma ankazitcha caligae. Ulendowo unaphunzitsa zimene mabuku akale sanalembe: pamene lamba amatupitsa phewa, mmene chishango chingaberekedwere kumsana, ndi mmene misomali ya nsapato imaperesekera panjira.

Pali zina zimene sizinathetsedwe. Nsalu ya ubweya wa nkhosa imawola msanga, choncho akatswiri amatsutsanabe ngati mkanjo wa msilikali unali wofiira, monga mafilimu anatizoloweza, kapena woyera. Gulu loona mtima limauza oonerera poyera kuti apa tili ndi umboni, apa tikungoganizira. Umboni watsopano nawonso sukuleka kutuluka. Mu 2018, ku Kalkriese m'dziko la Germany, pamalo amene akatswiri ambiri amati magulu atatu ankhondo a Roma anathera mu 9 A.D., anafukula malaya achitsulo pafupifupi athunthu, akale kuposa a ku Corbridge ndiponso opangidwa mosiyanako. Zikatere, wosula amabwereranso ku chipala, ngakhale ntchito yake yoyamba inamudyera miyezi.

Monga mphunzitsi wa mbiri, ndaona kuti mwana amaiwala chaka chimene ndalemba pabolodi, koma saiwala chimene waona ndi maso ake pabwalo. Chimene wovala wamuonetsa tsiku limenelo, cholondola kapena cholakwika, ndicho adzauze ana ake. Aroma anapita kalekale, ndipo otsanzira zovala zawo alibe wofunsa koma dzimbiri ndi zidutswa za chikopa. Ife tili ndi mwayi umene iwo alibe. Agogo amene anaona nkhwende ikusulidwa, chikopa chikufufutidwa ndi mvukuto ukupopa moto pa chipala akadalipo m'midzi mwathu, ndipo ena akhala nafe pabwalo lino. Inu achinyamata amene mwabwera ndi mafoni ojambulira, mukatha kujambula zovala, khalani pansi pafupi ndi eni ake, muwafunse mmene ankazipangira.