Za Ufumu wa Akalonga

Anthu ocuruka a ku China adzicha Han kufikira lero lino, potengera dzina la banja la mafumu limene linagwa m'caka ca 220. Abale, nafenso tiri nayo mbiri yotere. Akalonga a pfuko la Aphiri anakhala pa Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, nalandira mitulo ya minyanga. Ndipo dzina la dziko lao, Maravi, ndilo tinalitenga m'caka ca 1964.

Nzeru yao yaikuru inali kugawana mphamvu. Mpando unali wa Aphiri, koma mvula inali ya Abanda. Pakugwa cilala Kalonga anayang'ana kwa Makewana ku Msinja, ndipo mkazi wace wamkuru, Mwali, anacokera kwa Abanda omwewo. Wolowa ufumu sanali mwana wa mfumu ai, koma wobadwa mwa Nyangu, ku cikazi, monga ticitira m'midzi yathu ino.

Undi anapatuka, namanga ku Mano, ndipo Mkanda wa kuno ku Mcinji anayamba pansi pa iye. Azungu anadula malire m'caka ca 1891 osafunsa mbumba iri yonse. Cinkana anatero, caka ndi caka mwezi wa August mafumu a Acewa a maiko atatu amuka ku Mkaika, kwa Kalonga Gawa Undi, ku mwambo wa Kulamba.